Kodi Nzeru Yosadyedwa Iri ndi Phindu?

Abale a m'midzi ya kunyanja, tsiku lina ndinakhala pa gombe la Malindi ndi mkulu wina alikusoka khoka lace. Ndipo anandifunsa, nati, "Aphunzitsi, mwana wanga abwera kusukulu ndi nyimbo, ndi ndakatulo, ndi mbiri ya anthu amene anafa kale. Kodi zimenezi zidzalowetsa usipa m'bwato? Bwanji osamphunzitsa masamu ndi makina okha?" Funsoli siliri lacibwana, pakuti ndalama ya sukulu icokera m'thukuta, ndipo mimba siimva nyimbo.

Koma takumbukirani sitima ija ya Chauncy Maples, imene zitsulo zace zinacokera ku Glasgow, nizilumikizidwa kwa Mponda, niyandama m'caka ca 1901. Popanda amisiri sikadayenda konse. Koma m'kati mwace munali cipinda ca sukulu, ndipo W. P. Johnson, amene anayenda nayo, anali munthu wa mabuku, wophunzira ku Oxford. Iyeyu anatsogolera nchito yotembenuza Baibulo m'Cinyanja ca ku Likoma, limene linaturuka mu 1912. La ife tonse, Buku Lopatulika, linatsata mu 1922. Cipangano Catsopano cinayamba kulembedwa m'Cigriki, cinenero cosagula ngakhale mcere pamsika. Anthu ena akadapanda kucipirira zaka zambiri, makolo athu akadawerenga ciani? Mmisiri anayendetsa sitima, koma wa mabuku anaipatsa katundu.

Tisabise cina. Pamene Dr. Kamuzu Banda anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, analamula kuti ana aphunzire Cilatini ndi Cigriki. Koma ana olowamo anali owerengeka, aphunzitsi anacokera kunja, ndipo cinenero ca amai ao cinatsala pakhomo. Apo panali polakwa. Nzeru ya akale ikatsekeredwa mumpanda isanduka cobvala ca kunyada. Ndipo mwana wodziwa miyambi ya Aroma, koma wonyoza nthano za agogo ace, ali ngati bwato lopakidwa utoto koma lopanda nkhafi.

Nanga ndakatulo? Jack Mapanje, wobadwira kwa Kadango m'boma lathu lino la Mangochi, anagwidwa mu 1987 osazengedwa mlandu, nakhala m'ndende ya Mikuyu kufikira 1991. Analibe mfuti kapena nkhondo. Anali nao mau okha. Ngati ndakatulo ziri zacabe, eni mphamvu anaziopa cifukwa ninji? Anadziwa kuti munthu wozolowera kuyesa mau sanyengeka msanga, ndipo aturutsa coonadi pamene anzace atseka pakamwa.

Potsiriza ndinamyankha mkulu uja, ndi kuti, "Bambo, inu mudziwa mwera, ndi mpoto, ndi bvuma. Kodi munaziyamba ndinu? Iai, akulu anakuuzani, ndipo mau ao akupulumutsani kawirikawiri panyanja, ngakhale simunawagulitsepo. Mabuku akale ndiwo akulu a mitundu yonse, ndipo mau a akulu akoma akagonera."

Cifukwa cace, makolo, musamlande mwana buku la ndakatulo ndi kunena kuti ataya nthawi. Inunso aphunzitsi anzanga, musafafanize nthawi ya kuyimba ndi ya nthano cifukwa ca kuopa mayeso. Mwana aphunzire nchito ya manja kuti adye. Aphunzirenso za akale, athu ndi a kutali, kuti atakhuta adziwe cimene munthu akhalira ndi moyo.