Chipolopolo chachifupi ndi makoma a ku Area 23

Kuno ku Area 23 nkhani ya mfuti imabuka mbava zikangodutsa. Mwezi wathawu anthu a zikwanje anathyola chitseko cha nyumba ina m'mdadada wa kumunsi kwathu, anatema mwini nyumba pamkono n'kutenga TV ndi ndalama za geni ya mkazi wake. M'mawa mwake amuna tinakhala mozungulira bawo, koma palibe anagwira nkhomo. Bambo wina wachikulire amene anapuma usilikali pa Kamuzu Barracks ndiye anayamba.

"Achimwene, ine nditapeza chilolezo sindingavutike ndi chimfuti chachikulu ayi. Kachipolopolo kakafupi kaja nkokwanira. Wakuba akabwera kamugwetsa, nguluwe ikalowa m'munda kumudzi kaigwetsanso. Mfuti imodzi, ntchito ziwiri."

Sankanena za AK-47, imene munthu wamba saloledwa kukhala nayo. Ankanena za mfuti yowombera kamodzikamodzi koma yodya chipolopolo cha mtundu womwewo, chija amati 7.62×39. Ambiri anavomera ndi mitu. Ine ndakhala ndikusinkhasinkha mawu amenewa, ndipo ndikuona kuti bamboyu ananena zoona pa za chitsulocho, koma anaiwala malo amene tikukhala.

Tiyambe ndi pamene akunena zoona. Agogo athu a KAR amene anakamenya nkhondo ku Burma ankanyamula Lee-Enfield, mfuti ya .303. Khoko la chipolopolo chake losunga wonga ndi lotalika mamilimita 56, ndipo ukawomba mfutiyo imakumenya paphewa ndithu. Zipolopolo zotere anazipanga poganiza kuti msilikali aziwombera mdani ali kutali kwambiri. Koma pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse akatswiri anazindikira kuti kuwomberana kwambiri kumachitika pamtunda wosapitirira mamita 300 kapena 400. Wonga wochuluka uja unkangolemetsa msilikali. A Germany anafupikitsa khoko mpaka mamilimita 33, ndipo mu 1943 a Soviet Union anabwera ndi chawo, chimene pambuyo pake chinakhazikika pa mamilimita 39, ndipo Mikhail Kalashnikov anachipangira mfuti ya 1947, AK-47 ija. Chipolopolo chenichenicho, chija chimauluka, chimalemera pafupifupi magalamu 8 ndipo chimatuluka pa liwiro loposa mamita 700 pa sekondi. Munthu amanyamula zambiri osatopa, mfuti imakhala yaifupi, phewa silipweteka, ndipo ngakhale wosazolowera amatha kulunjika kachiwiri msanga. Zifukwa zimene alenje a ku America ndi ku Ulaya amapereka posankha chipolopolo chaching'ono ndi zomwezi, ndipo pa gwape kapena nguluwe ili chapafupi chimagwiradi ntchito.

Koma ife chipolopolo chimenechi sitinachidziwire kwa alenje. Tinachidziwira ku nkhondo ya ku Mozambique, imene inayamba mu 1977 ndi kutha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira m'dziko muno, ku Nsanje, ku Mwanza, ku Ntcheu, ku Dedza, ndipo malire athu m'madera ambiri ndi msewu chabe kapena munda. Nkhondo itatha mfuti sizinathe. Kupepuka komwe kunathandiza msilikali kunathandizanso wozembetsa, chifukwa mfuti yaifupi imabisika m'thumba la chimanga kapena la makala, zipolopolo 30 n'kukwana m'kachitsulo kamodzi. Amene anakhala m'tauni zaka za m'ma 1990 akukumbukira mmene umbava wa mfuti unakulira, nthawi yomweyo imene asilikali analanda zida za a Payoniya pa Operation Bwezani mu December 1993. Ku Mozambique komweko Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo yachikhristu anayamba mu 1995 kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Mu August 2001 atsogoleri a SADC anasainirana ku Blantyre pangano loletsa kufala kwa mfuti ndi zipolopolo. Zaka zonsezi chigawo chathu chakhala chikuvutika kuchotsa chipolopolo chimenechi m'manja mwa anthu. Ndikamva mnzanga akuchitchula ngati mankhwala a vuto lathu, mtima wanga sukhazikika.

Komabe mbiri payokha siyankha mantha a munthu amene chitseko chake chathyoledwa. Choncho tiyeni tione nyumba zathu. Poloti imodzi kuno imakhala ndi nyumba ya alandilodi kutsogolo, kumbuyo mdadada wa mabanja anayi kapena asanu a lendi. Makoma ena ndi a njerwa zootcha, ena ndi a zidina, ena ogawa zipinda safika n'kudenga komwe. Mwana akatsokomola kuseri umamva. Mipanda yambiri ndi ya malata kapena udzu. Mawu akuti "chaching'ono" ndiwo amatinyenga. Chipolopolochi n'chaching'ono pochiyerekeza ndi .303, koma chikadali cha nkhondo. Chimaboola chitseko cha thabwa, malata, zenera, chitseko cha galimoto, n'kupitirira chikadali ndi mphamvu yopha. Chikaphonya n'kukwera m'mwamba chimatha kuuluka mtunda woposa makilomita 2. Kuchokera pakhomo panga, mtunda umenewo ndi sukulu, misika, matchalitchi ndi nyumba zosawerengeka.

Ganizirani tsono nthawi imene mfutiyo idzalire. Ndi 2 koloko usiku, magetsi azima, mwadzidzimuka kutulo, manja akunjenjemera, ana akulira. Msilikali wophunzira bwino amaphonya masana dzuwa likuswa mtengo. Nanga wamalonda wa mu msika wa Tsoka amene anawombapo kawiri moyo wake wonse? Chipolopolo chimene chaphonya wakuba chimakapeza munthu wogona pamkeka kuseri kwa khoma, munthu amene madzulo omwewo munabwerekako mchere. Alenje a kunja amene amayamikira chipolopolochi ambiri amakhala pa mafamu pamene nyumba yoyandikana nayo ili kutsidya kwa phiri. Malangizo awo ndi a malo awowo.

Palinso china chimene sitikonda kuchinena. Mfuti ya chilolezo imakhala m'nyumba masana onse mwini wake ali kuntchito, ndipo m'dera ngati lathu chinsinsi sichigona. Mbava zikamva kuti pakhomo pakuti pali mfuti, pakhomopo pasanduka pofunika kuthyola kuposa pa mnzake pamene pali TV yokha. Gulu limene dzulo linali la zikwanje mawa likhala la mfuti, ndipo zipolopolo zake sizisowa, chifukwa ndi zomwe zija zinatsala ku nkhondo.

Za kusaka ndizinena ndi chisoni pang'ono, pakuti amalume anga anali mlenje. Anali ndi gogodera, mfuti yothira wonga kukamwa, ndipo ndikukumbukira fungo lake ndi mmene ankaipukutira asanapite ku uzimba. Masiku amenewo insa ndi gwape zinkapezeka kuseri kwa minda. Lero mukatuluka mu Lilongwe kulowera ku Mitundu mpaka ku Dzalanyama, chimene mukumana nacho ndi njinga za makala. Nyama zimene zatsala zili ku Kasungu, ku Nkhotakota, ku Liwonde, ku Majete, ku Nyika, kumene kusaka n'koletsedwa, ndipo chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017 munthu akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30 pa milandu ikuluikulu. Kunja kwa malo amenewa kwatsala mbewa, akalulu ndi nkhanga, zimene sizifuna chipolopolo cha nkhondo.

Wina anena kuti nanga njovu? Funso limeneli ndi lolemera, chifukwa chisamutsireni njovu 263 kuchokera ku Liwonde kupita ku Kasungu mu 2022, anthu a m'midzi yozungulira, kuno ndi ku Zambia komwe, aonongeredwa mbewu ndipo ena afa. Koma apa ndi pamene chipolopolo chachifupi chimalephera kotheratu. M'maiko angapo amene amalola kusaka nyama zoopsa, mfuti yocheperapo yololedwa ndi .375, imene chipolopolo chake chimalemera kuposa kawiri cha AK-47. Opha njovu mozemba amene amagwiritsa ntchito AK-47 amathira zipolopolo zambiri pa nyama imodzi, ndipo kawirikawiri imathawa ndi mabala. Njovu yovulala ndiyo imathamangitsa mayi wopita kukatunga madzi. Ntchito yothana ndi njovu yolusa ndi ya alonda a nkhalango, amene anaiphunzira ndipo ali ndi zida zoyenera. Chimene anthu a ku Kasungu akusowa ndi mpanda wolimba, alonda ofika msanga ndi chipukuta misozi akaonongeredwa.

Ndiye chipolopolo chimene mnzanga akuti ndi cha ntchito ziwiri chimachulukitsa mphamvu m'mdadada, n'kuperewera mphamvu pa njovu. Pakati pake, pamene chimakwanira bwino, pali gwape amene kulibenso, komanso munthu. Anachipangira munthu, ali pa mamita 300.

Sindikunyoza mantha a anansi anga. Inenso ndimagona nditatsamiritsa mpando kuchitseko, ndipo ndikudziwa kuwawa kodikira thandizo usiku pamene galimoto ikuchedwa. Pa msonkhano wa amfumu sabata yathayi tinagwirizana zoti nyumba iliyonse ikhale ndi wenzulo, babu wa panja asamazimitsidwe, ndipo tizisonkha ndalama ya achitetezo a m'dera pa nthawi yake m'malo mowazemba mwezi ukatha. Ndi zinthu zazing'ono, ndipo sizigwetsa wakuba. Zimadzutsa anthu makumi atatu nthawi imodzi, chimene mbava zimaopa kwambiri.

Titachoka pa msonkhanowo ndinaperekeza bambo wopuma usilikali uja mpaka pakhomo pake. Ndinamupempha kuti aime pachitseko ngati mmene angaimire usiku, ayang'ane kumene mfuti ingaloze wakuba ali pakhonde. Anaima, n'kuyang'ana. Kutsogolo kwake kunali zenera la nyumba ya lendi, lotchinga ndi chitenje. Tinawerenga mapazi kukafika pamenepo, anakwana 9. M'chipinda chimenecho mumagona ana atatu, ndipo wamng'ono amamutchula kuti agogo.