KODI BODZA LOFUNIRA NTCHITO NDI BODZA NDITHU?



Tikamasonkhanitsa mitu ya mapemphero, pali mawu awiri amene sasowa: ntchito ndi mapepala. Kale opempha zimenezi tinali ife akuluakulu. Masiku ano ndi achinyamata athu, amene amaliza koleji, avala gauni, ajambulitsa n'kutumiza zithunzi kumudzi, koma miyezi ikungotha popanda wowaitana ku intavyu. Pali funso limene iwo amafunsana akakhala paokha, ndipo ife timalizemba. Ngati munthu wachita zonse zoyenera koma khomo silikutseguka, kodi n'kulakwa kulemba pa CV ntchito imene sanagwirepo, kapena kupeza bwana woti amulembere kalata yabodza, ngakhale yogula?

Tisathamangire kuyankha. Tiyambe taona pamene mwanayu waima.

Wophunzira wochokera kunja akamaliza maphunziro amatha kulandira chilolezo chogwirira ntchito chotchedwa PGWP. Chilolezochi sichipitirira zaka 3, ndipo munthu amachilandira kamodzi kokha. Kuti apemphe kukhazikika m'dziko muno, chomwe timangoti PR, kudzera mu Canadian Experience Class, ayenera kukhala atagwira chaka chathunthu, maola 1,560, pa ntchito imene boma limaiwerengera kuti ndi yaluso. Apa ndi pamene pagona vuto. Kunyamula makatoni usiku m'nyumba zosungiramo katundu zozungulira bwalo la ndege la Pearson ndi ntchito yolemekezeka, imalipira lendi, koma pa chiwerengero chimenechi simalowa. Kukhala pa tilu m'sitolo nakonso n'chimodzimodzi. Tsono mwana amadzuka, kugwira ntchito mpaka msana kuwawa, uku masiku a chilolezo chake akutha ngati sopo wa m'bafa. Ndipo sikuti ndi ulesi. Bungwe la Statistics Canada linanena kuti mu Julaye 2025 ulova pakati pa achinyamata a zaka 15 mpaka 24 unafika pa 14.6 peresenti, umene unali usanaonekenso chichokereni 2010, tikachotsapo zaka za Covid. Ngakhale ana obadwira konkuno analira nawo.

Wina anena kuti, "Nanga dziko linoli ndi loyera manja?" Ayi, si loyera, ndipo tisanamizane. Lipoti la Auditor General wa Ontario la 2021 linaonetsa kuti ophunzira akunja anali 30 peresenti chabe m'makoleji a boma, koma ndalama za fizi zimene ankapereka zinali 68 peresenti ya fizi yonse. Anaitanidwa, analipira, ndipo ambiri anabwera akukhulupirira kuti njira ya PR ndi yotseguka. Kenaka mphepo inatembenuka. Mu Januwale 2024 nduna yoona za olowa m'dziko pa nthawiyo, a Marc Miller, inachepetsa zilolezo za ophunzira. Mu Okutobala chaka chomwecho malo a PR a 2025 anatsitsidwa kuchoka pa 500,000 kufika pa 395,000. Mu Novembala Sheridan College, yomwe ili ndi kampasi pafupi ndi Square One pompano, inalengeza zoimitsa mapulogalamu 40. Onjezanipo nkhani yakale ija yoti sangakulembe ntchito ulibe "Canadian experience", pamene sungaipeze asanakulembe. Bungwe loona za ufulu wa anthu la Ontario linanena kale mu 2013 kuti kuumirira zimenezi ndi tsankho, ndipo lamulo loletsa makampani a antchito 25 kapena kuposerapo kulemba mawuwa pa zotsatsa ntchito linaikidwa kuti liyambe pa 1 Januwale 2026. Koma lamulo limafufuta mawu pa pepala, silifufuta zimene zili mumtima mwa bwana.

Choncho mwana akanena kuti, "Andipusitsa, nanenso ndiwapusitsa," ine sindimuseka. Mkwiyo wake uli ndi chifukwa. Komabe yankho langa ndi loti bodza limeneli ndi bodza ndithu, ndipo ndikufuna ndifotokoze bwino.

Timaganiza kuti wonamizidwa ndi boma, chinthu chachikulu chopanda nkhope, chimene sichimva kuwawa. Koma njira ya Express Entry ndi mzere. Aliyense ali ndi mapointi ake, ndipo boma limaitana kuyambira pamwamba mpaka malo atatha. Ukakwera ndi mapointi ogula, amene watsika si nduna ku Ottawa. Ndi mtsikana wina amene wasambitsa okalamba zaka ziwiri, mwina wa ku Punjab, mwina wa ku Lagos, mwinanso yemwe amakhala naye benchi imodzi pa mapemphero. Ndipo taonani zimene zinachitika ndi LMIA, kalata ija imene bwana amatenga ku boma posonyeza kuti wasowa wantchito wa konkuno. Lamulo silimulola bwana kulipiritsa wantchito pa kalatayi, koma inasanduka malonda a madola masauzande ambirimbiri. Mapeto ake, pa 25 Malichi 2025 boma linachotseratu mapointi 50 kapena 200 amene munthu ankapeza chifukwa cha lonjezo la ntchito. Ogula anataya, koma anataya limodzi ndi anthu amene ntchito zawo zinali zenizeni. Nsomba imodzi ikaola, zonse zaola.

Chinthu china, chimene kwa ine ndiye chachikulu, ndi ichi. Wogula kalata amaganiza kuti wagula ufulu, pamene wadzigulitsa. Bwana amene akudziwa chinsinsi chako wakugwira pakhosi. Akakudula malipiro, ukadandaula kwa yani? Akakuuza kuti ubwezeko gawo la malipiro pamanja mwezi ndi mwezi, ukana bwanji? Lamulo la olowa m'dziko limati wopezeka atanama amaletsedwa kulowa m'dziko muno zaka 5, ndipo bodzalo likhoza kudzatulukira munthu atalandira kale PR, atakwatira, ana ali pasukulu. Amene munalipo mu 2023 mukukumbukira achinyamata a ku India aja amene anagona panja masiku ambiri pa Airport Road muno mu Mississauga, kutsogolo kwa ofesi ya CBSA, pokana kuthamangitsidwa. Makalata amene analowera m'dziko anali achinyengo, opangidwa ndi munthu wowathandiza kwawo, ndipo ambiri ankati sankadziwa n'komwe. Zinadzaululika patapita zaka, ena atamaliza sukulu n'kuyamba kupempha PR. Boma linayamba kuunika mlandu wa aliyense payekha kuti lisiyanitse wopusitsidwa ndi wopusitsa. Ngati osadziwa anavutika chotero, nanga wosaina akudziwa? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso ntchito zina zimene bodza lake limagwera munthu wachitatu. Wonama kuti anasamalirapo odwala amapatsidwa gogo weniweni woti amunyamule.

Koma tisasokoneze zinthu, chifukwa ena a ife tili ndi vuto la mbali inayo. Timabisa ngakhale zoona. Mtsikana amene anayendetsa golosale ya mayi ake ku Limbe zaka zitatu, kuoda katundu, kulemba mabuku, kutsata angongole, akamalemba CV amasiya malo opanda kanthu chifukwa akuti "zinali za kumudzi". Mnyamata amene anali msungichuma wa banki m'khonde satchula n'komwe. Kunena zimenezi m'mawu amene bwana wa kuno angamve si bodza. Kumutengera mwana kwa bwana wanu n'kunena kuti, "Uyu ndimamudziwa, sachedwa, manja ake ndi oyera," nakonso si katangale, malinga mukunena zimene mwaona ndi maso. Anthu a mitundu ina amakokana motero tsiku ndi tsiku. Malire ali poonekera: kuchitira umboni zimene ukudziwa, kapena kusainira zimene sizinachitike. Ngati m'bale wakupemphani kuti mukhale "bwana wake wakale" pa telefoni, mukaneni mwachikondi, koma musamusiye pomwepo. Khalani naye pansi mufufuze zoona zimene ali nazo.

Tsopano ndilankhule ndi ife akuluakulu, pakuti mwana sapita yekha kwa wogulitsa makalata. Timamukankha ndife. Tikamamwa tiyi pambuyo pa mapemphero, funso lathu loyamba limakhala loti, "Nanga mwapeza ya muofesi?" Akati adakali ku weyahausi timayankha kuti, "Aaa, ndi digiri yonse ija?" Umboni umene timauombera m'manja kwambiri ndi wa PR ndi galimoto yatsopano, ndipo sitifunsa kuti zabwera bwanji. Sindinamvepo tikuombera m'manja munthu chifukwa wakana kugula kalata. Kumudzi nakonso telefoni siileka kulira. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola iliyonse yochokera kuno inakhala ngati mankhwala, ndipo makolo ena anagulitsa malo kapena kukongola kuti mwana abwere. Mwana wotere amanama chifukwa akuopa nkhope ya bambo ake kuposa mmene akuopera boma la Canada. Sindikuti mantha amayeretsa bodza. Ndikuti mlanduwo tigawane.

Pali mawu amene ndimafuna nditawanena koma sindingathe, oti aliyense woyenda m'choonadi mapepala ake adzatuluka. Si zoona. Ena onama adutsa ndipo akudya bwino. Ena okhulupirika chilolezo chawathera m'manja, ndipo kumudzi kumene akubwerera nakonso anzawo a ku Chancellor College, MUBAS ndi Mzuni akuyenda ndi maenvulopu kufunafuna ntchito. Kunena zoona kuli ndi mtengo, ndipo amene akulipira mtengowo ndi mwana wa zaka 25, osati ine wolemba amene mapepala anga anatha kale. N'chifukwa chake sitingamuuze kuti "usaname" kenaka n'kupinda manja. Amene muli ndi chipinda chapansi chopanda munthu, mutsitsireni lendi. Amene mwakhalitsa pa kampani, mukamva za malo muuzeni asanawatsatse. Asanapereke ndalama kwa aliyense wodzitcha mlangizi wa za mapepala, muthandizeni kuona ngati dzina lake lili m'kaundula wa College of Immigration and Citizenship Consultants, kapena ngati ndi loya wovomerezeka. Zimangofunika mphindi zochepa pa intaneti.

Ndipo wina akaganiza zobwerera masiku ake asanathe, tileke kunong'onezana ngati pagwa maliro. Amene ali ndi ulemu wake kwa makolo a mwanayo awaimbire telefoni iyeyo asanafike, awafotokozere mmene malamulo anasinthira, kuti asakayambe yekha kufotokoza pa khonde. Timusonkhere ya poyambira, ndipo tsiku la ulendo tidzaze galimoto ziwiri kapena zitatu tikamuperekeze ku Pearson.