Kodi Ukwati Ulimba ndi Nyama?

Ku India kuli anthu otchedwa Ajaini, otsata ciphunzitso ca Mahavira cakuti munthu asaphe camoyo ciri conse. Pa ukwati wao sapha mbuzi kapena nkhuku. Mkwati ndi mkwatibwi azungulira moto nalumbira pamaso pa abale, ndipo alendo sadya nyama.

Ku Zingalume, mbuzi ikapanda kuphedwa, ena ati ukwatiwo wacepa. Kudyetsa alendo nkoyenera ndithu, pakuti mlendo wobwerera ndi njala acititsa mudzi manyazi. Koma mwini mbumba wogulitsa cimanga ca m'nkhokwe cifukwa ca phwando la tsiku limodzi aitanira ana njala ya m'dzinja. Nyama itha tsiku lomwelo. Cotsala ndico lumbiro la awiriwo ndi mau a ankhoswe. Banja likagwedezeka, anthu aitana ankhoswe, osati ophika.