Kwa inu achinyamata omanga mapulogalamu: za mafayilo aakulu ndi chaka cha 2038

Ana anga, inu amene mwayamba kulemba mapulogalamu mu C ndi C++, tamverani kuno. Ndimakuonani mukuthera usiku wonse pa code, koma fayilo yomangira pulogalamu, kaya ndi configure.ac, CMakeLists.txt, meson.build kapena Makefile, mumangoikopera kwa mnzanu osaiwerenga n'komwe. M'menemo ndi momwe mumagamulidwa ngati pulogalamu yanu idzatha kutsegula fayilo yopitirira magigabayiti awiri, komanso ngati idzakhalabe ikudziwa tsiku chaka cha 2038 chikadzakwana.

Pali nambala imodzi yoti muisunge pamtima: 2,147,483,647. Imeneyi ndiyo yaikulu koposa imene ingakwane m'mabiti 32, biti imodzi itapatulidwa kuti izisonyeza ngati nambalayo ili pamwamba kapena pansi pa ziro. Pa makina a mabiti 32, Unix ndi Linux zinkasunga zinthu ziwiri m'malo ochepawa. Choyamba ndi off_t, imene imanena kukula kwa fayilo ndiponso pamene mwafika poiwerenga, ndiye fayilo ikaposa magigabayiti awiri nambala imasefukira. Chachiwiri ndi time_t, imene imawerenga masekondi kuyambira pakati pa usiku pa 1 Januwale 1970, nthawi ya UTC. Masekondi amenewo adzafika pa 2,147,483,647 pa 19 Januwale 2038, nthawi ili 03:14:07 UTC, kuno kwathu ili 5:14 mbandakucha. Sekondi yotsatira, makinawo adzati tsiku ndi 13 Disembala 1901.

Musati n'zakutali. Pulogalamu iliyonse yowerengera za m'tsogolo imafika ku 2038 ife tisanafikeko: ngongole ya nyumba ya zaka 15, tsiku limene satifiketi ya pa intaneti idzathe mphamvu, tsiku lopumira pantchito. Mu Meyi 2006 pulogalamu ya AOLserver idayamba kufa chifukwa cha zomwezi. Inali ndi chizolowezi chodikira masekondi biliyoni imodzi, zaka pafupifupi 32, ngati njira yonenera kuti dikirabe mpaka kalekale. Tsiku lina biliyoniyo itawonjezeredwa pa nthawi ya tsikulo, yankho lidadumpha Januwale 2038 n'kugwera m'mbuyo.

Chimene chimakupusitsani ndi laputopu yanuyo. Pa Linux ya x86-64 kapena arm64, off_t ndi time_t zili kale mabiti 64, choncho kaya mwaika zoyenera kaya mwaiwala, zonse zimayenda bwinobwino. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Vuto limatulukira pulogalamu ikamangidwira ARM ya mabiti 32: timakina tolipirira m'sitolo, marauta, mamita, Raspberry Pi yoikidwa Raspberry Pi OS yakale ya mabiti 32. Ndipo mukudziwa kuti kuno chipangizo sitichitaya chikakalamba. Chimene mukuika pakhoma la chipatala chaka chino n'kutheka ndithu kudzapezeka chikadali pompo mu 2038, inu mutasamukira kwina kalekale.

Za mafayilo aakulu zidakambidwa kale. Mu 1996 makampani opanga Unix adagwirizana pa msonkhano wotchedwa Large File Summit, ndipo padatuluka njira ziwiri. Ina ndi yogwiritsa ntchito mayina atsopano, monga off64_t, open64 ndi lseek64, amene amatsegulidwa ndi _LARGEFILE64_SOURCE. Inayo ndi yosiya mayina akale momwe alili, n'kungouza compiler kuti -D_FILE_OFFSET_BITS=64, ndipo off_t, open, stat ndi anzawo amasanduka a mabiti 64 okha. Ine ndikuti tengani yachiwiriyi. Mayina okhala ndi 64 aja sali mu POSIX, pa macOS ndi OpenBSD off64_t simuipeza, ndipo laibulale ya musl 1.2.4 ya mu 2023 idasiya kuwapereka kwa aliyense amene wangolemba _GNU_SOURCE, moti mapulogalamu ambiri adakana kumangika pa Alpine Linux. Onjezani ichi: fseek ndi ftell zimagwira ndi long, ndipo long pa makina a mabiti 32 sakula ngakhale muike chiyani. Lembani fseeko ndi ftello.

Wina pano akuti, ine pulogalamu yanga imangowerenga timafayilo ting'onoting'ono, izi sizikundikhudza. Zikukukhudza, mphwanga. Ukaitana stat, umalandira struct yonse: kukula kwa fayilo, nambala yake ya inode, ndi nthawi imene idasinthidwa. Chimodzi mwa izi chikalephera kukwana m'malo ake, stat yonse imabwerera ndi EOVERFLOW, uja uthenga woti “Value too large for defined data type”. Pa XFS kapena pa disiki yofikiridwa kudzera pa netiweki, fayilo ya mizere itatu ikhoza kukhala ndi nambala ya inode yoposa mabiti 32, ndipo readdir imakana kungotchula mayina a m'foda. _FILE_OFFSET_BITS=64 imakulitsanso ino_t. N'chifukwa chake ndimati ikani pa pulogalamu iliyonse, osafunsa kuti mafayilo ake ndi aakulu bwanji.

Za nthawi zidachedwa kwambiri pa Linux. NetBSD idasamukira ku time_t ya mabiti 64 ndi 6.0 mu 2012, OpenBSD ndi 5.5 mu 2014, pomwe idavomera kuti mapulogalamu akale amangidwenso. Linux ili ndi lamulo losathyola mapulogalamu omangidwa kale, ndiye idayenda pang'onopang'ono. Kernel 5.1 ya mu 2019 idabweretsa ma system call atsopano a nthawi ya mabiti 64, ndipo 5.6 ya mu Malichi 2020 ndiyo yoyamba imene makina a mabiti 32 angadutse nayo 2038. Laibulale ya musl idasintha time_t kukhala mabiti 64 paliponse ndi 1.2.0 mu 2020, popanda kukupatsani mwayi wosankha. Koma glibc idasiya chisankho m'manja mwanu: kuyambira 2.34 ya mu Ogasiti 2021 mukhoza kulemba -D_TIME_BITS=64. Izi zimayendera limodzi ndi -D_FILE_OFFSET_BITS=64; mukaika ya nthawi yokha, compiler imakana. Ndipo ngati kachipangizo kanu kali pa kernel yakale ija imene wogulitsa bolodi adakupatsani, glibc imabwerera ku ma system call akale mwakachetechete, ndiye mavuto a 2038 akadalipo ngakhale munamanga molondola.

Tsopano mvetserani bwino, pakuti apa ndi pamene anthu odziwa ntchito amagwerapo. Mawu awiriwa, _FILE_OFFSET_BITS ndi _TIME_BITS, ayenera kufika kwa compiler header iliyonse ya sisitemu isanawerengedwe, ndiponso ayenera kukhala ofanana m'fayilo iliyonse ya pulogalamuyo. Mukalemba #define pamwamba pa fayilo imodzi n'kuiwala ina, struct yokhala ndi time_t imakhala ndi kukula kuwiri kosiyana mu pulogalamu imodzimodziyo. Fayilo ina ikuika chinthu pa bayiti ya nambala 8, inzake ikuchifuna pa bayiti ya nambala 4. Linker ya C siyang'ana zimenezi, imangoona kuti mayina akugwirizana, basi. Pulogalamu imamangika popanda dandaulo, kenako imatulutsa manambala osamveka kapena kufa pamalo osagwirizana n'komwe ndi nthawi. Choncho chisankhochi chizikhala malo amodzi, m'fayilo yomangira.

Ngati mukugwiritsa ntchito Autoconf, AC_SYS_LARGEFILE imafufuza yokha chimene sisitemu ikufuna, ngakhale _LARGE_FILES ya AIX, n'kulemba mu config.h. Ntchito yanu n'kuonetsetsa kuti config.h ndiyo yoyamba kuitanidwa m'fayilo iliyonse ya .c, stdio.h isanabwere. Autoconf 2.72, ya mu Disembala 2023, idawonjezera AC_SYS_YEAR2038 ndiponso --enable-year2038. Meson imaika yokha ya mafayilo aakulu, koma ya nthawi muike nokha. CMake sikuikirani chilichonse. Lembani add_compile_definitions pamwamba, ma target asanayambe.

Ngozi yomweyo ya kukula kuwiri imakula mukafika pa malaibulale. Tinene kuti mukugwiritsa ntchito laibulale imene header yake ili ndi function yolandira time_t, ndipo idamangidwa ndi time_t ya mabiti 32. Inu mwamanga pulogalamu yanu ndi 64. Mwakonza 2038, inde, koma mwathyola lero. Ichi n'chifukwa chake AC_SYS_LARGEFILE payokha siyatsa za 2038 ngati womanga sanapemphe. Taonani momwe Debian idachitira mu 2024: idasintha armel ndi armhf zonse nthawi imodzi, n'kumanganso malaibulale okhudzidwa pamodzi ndi mapulogalamu odalira pa iwo, ndipo mapaketi ake adapatsidwa mayina atsopano othera mu t64. Mukaona libssl3t64 pa Ubuntu 24.04 kapena Debian 13, chiyambi chake n'chimenecho. Koma i386 adaisiya dala ndi time_t ya mabiti 32, poti ntchito yake yaikulu masiku ano n'kuyendetsa mapulogalamu akale amene palibe angawamangenso. Ine ndimaona kuti adaganiza bwino, ngakhale ena adang'ung'udza.

Phunziro lake kwa inu lili pawiri. Ngati mukumanga sisitemu yonse nokha, monga ndi Yocto kapena Buildroot, yatsani zonse ziwiri pa chilichonse, kuyambira laibulale ya C mpaka pulogalamu yomaliza. Ngati mukulemba laibulale yoti ena adzagwiritse ntchito, musaike off_t kapena time_t mu header yoonekera kwa anthu. Ikani int64_t, imene kukula kwake sikudalira zimene womanga wasankha, ndipo kusintha kupita ku time_t kuzichitikira m'kati.

Windows ili ndi zake. Kuyambira Visual C++ 2005, time_t ndi ya mabiti 64 pokhapokha wina ataika _USE_32BIT_TIME_T. Msampha wake uli pa long, imene imakhalabe mabiti 32 ngakhale pa Windows ya mabiti 64, ndipo off_t ya compiler ya Microsoft ndi long yomweyo. Kumeneko mufunika _fseeki64 ndi _ftelli64. Pa macOS ndi ma BSD off_t ili kale 64, palibe choika. FreeBSD ya i386 idatsala ndi time_t yaing'ono. Android ya mabiti 32 nayonso time_t yake ndi ya mabiti 32 ndipo palibe mawu oikulitsira. Yankho n'kumangira arm64.

Musaganize kuti mawu awiri aja achapa code yanu. Ngati munalemba int t = time(NULL), mwadula nambalayo ndi dzanja lanu. Ngati mumasindikiza time_t ndi %ld, pa ARM ya mabiti 32 mudzaona zinyalala. Isandutseni intmax_t n'kugwiritsa %jd. Yatsani -Wconversion ndi -Wformat, muwerenge madandaulo ake ngakhale achuluke. Choopsa koposa ndi nthawi imene mwailemba kunja kwa pulogalamu: m'fayilo yosungira, mu uthenga wodutsa pa netiweki, mu database. Mabayiti anayi amene mwapatula m'fayilo sangakule chifukwa chomanganso pulogalamu, ndipo mafayilo akale ali kale m'manja mwa anthu. Mtundu wa TIMESTAMP wa MySQL umathera pa 19 Januwale 2038 pomwepo, pamene DATETIME imafika chaka cha 9999. Disiki ya ext4 yokonzedwa ndi ma inode a mabayiti 128 imathera 2038, ya mabayiti 256 imafika 2446. XFS imafuna bigtime, imene idabwera ndi Linux 5.10, kuti ifike 2486. Kuja kukana kwa flash kulandira filimu ya magigabayiti asanu ndi malire a FAT32, amene ndi magigabayiti anayi kuchotsapo bayiti imodzi. Amenewo ndi a disiki, compiler alibe nawo mlandu.

Musakhulupirire kuti mwaika bwino mpaka makina atakuvomerezani. M'fayilo imodzi ya pulogalamu lembani _Static_assert(sizeof(off_t) >= 8, ...) ndi inanso ya time_t, kuti wina akadzasokoneza fayilo yomangira, kumangako kulephere pomwepo. Kenako mangani ya mabiti 32, ndi gcc -m32 kapena ndi compiler ya armhf, muiyendetse mu QEMU. Fayilo yaikulu yoyesera sifuna disiki yaikulu: truncate -s 3G imapanga fayilo ya magigabayiti atatu yosadya malo. Yesaninso ya 5G, chifukwa amene adathawira ku nambala ya mabiti 32 yopanda chizindikiro amapulumuka pa 2 n'kugwa pa 4. Ndi touch -d ikani tsiku la 2040 pa fayilo yaing'ono, muone ngati pulogalamu yanu ikuitsegulabe.

Mayeso a wotchi achiteni kawiri. Koyamba yambitsani pulogalamu tsiku lili kale mu 2039. Kachiwiri ikani wotchi mphindi ziwiri isanakwane 03:14:07 pa 19 Januwale 2038, pulogalamu ili m'kati mogwira ntchito, muone zimene ma timer ndi maloko odikira nthawi achite pamene malirewo akudutsidwa, poti zolakwika za apa zimasiyana ndi zoyamba zija. Izi muzichitira mu QEMU kapena pa bolodi yapadera yosalumikizidwa ku netiweki, chifukwa NTP idzabweza wotchi mayeso ali pakati, komanso mukasuntha wotchi ya kompyuta yanu yogwirira ntchito, mafayilo amatsala ndi masiku a m'tsogolo ndipo make imasokonezeka pa zoti imangenso ziti.