Kodi Chigoba Chili ndi Mtengo?

Mnyamata wa ku mapiri a Dowa akatsikira ku Mponela tsiku la msika, atagulitsa mtedza wake, salephera kuima pa galasi la sitolo yogulitsa mafoni. Maso ake amagwera pa foni yaikulu, yosalala ndi yonyezimira. Akapempha kuti aigwireko, mwini sitolo amampatsa mosawiringula, zomwe zimamdabwitsa popeza katundu wodula sapatsana chisawawa. Mnyamatayo amadina apa, nadina apo, koma foni ili duu. Pamapeto pake amauzidwa kuti chimene wagwiracho ndi chigoba chongoonetsera. Kunja kwake n'kofanana ndi foni yeniyeni, koma m'kati mulibe batire, mulibe waya, mulibe kanthu kalikonse kamene kangalire. Foni yeniyeniyo yasungidwa m'katoni pansi pa kauntala, kuopa a manja lende.

Mnyamata wotereyu atamva kuti kunja kuno kuli anthu amene amasakasaka zigoba za mtundu umenewu, nalipira ndalama zambiri kuti akazisunge m'nyumba zawo, angagwire pakamwa. Komatu anthuwo alipo ndithu, ndipo khalidwe lawoli likudzutsa funso lakalekale: kodi mtengo wa chinthu umagona pati? Kodi munthu wolemekeza chinthu chosagwira ntchito ndi wopusa, kapena pali chimene iye akuona chomwe ena sakuchiona?

Nkhaniyi imamveka bwino poyang'ana timakina ta masewera togwira m'manja, timene ana amangoti gemu. M'chaka cha 1889, chaka chomwe amishoni a Dutch Reformed Church adakhazikitsa mishoni ya Mvera m'boma la Dowa, mu mzinda wa Kyoto ku Japan mudayamba kampani ya Nintendo, imene poyamba inkapanga makadi osewerera. Patapita zaka 100, mu 1989, kampaniyi idatulutsa kamakina kotchedwa Game Boy, koyendera mabatire anayi, kamene munthu ankatha kusewera nako m'basi ngakhale pa mphasa. Game Boy pamodzi ndi mng'ono wake Game Boy Color adagulidwa oposa 118 miliyoni pa dziko lonse. Masewera amene adatchukitsa kamakinaka ndi Tetris, omwe adapangidwa ndi Alexey Pajitnov ku Moscow. M'masewerawa munthu amayala timiyala togwa kuchokera kumwamba monga achitira mmisiri pomanga khoma. Ana ambiri a m'Malawi adawadziwira masewerawa pa timakina totsika mtengo ta Brick Game, timene tinkagulitsidwa m'misika. M'chaka cha 2004 kudabweranso Nintendo DS ndi PlayStation Portable ya kampani ya Sony.

Makampani otere akatulutsa katundu watsopano, amatumiza ku masitolo zigoba zoonetsera. Chigobacho chimakhala ndi msinkhu, mtundu ndi mabatani ofanana ndi a gemu yeniyeni, koma pa galasi pake amangomatapo chithunzi chosasuntha. Ntchito yake ndi yoti wogula aone maonekedwe, ayese ngati kanthuko kakukwana m'dzanja lake, popanda mwini sitolo kuda nkhawa kuti kabedwa kapena kathyoka. Katunduyo akatha fasho, zigoba zambiri zimatayidwa. Zochepa zimene zimapulumuka ndi zomwe otolera zinthu zakale amalimbirana pa misika ya pa intaneti monga eBay, ndipo zina mwa izo zimagulidwa pa mtengo woposa wa gemu yakale imene ikugwirabe ntchito.

Mlimi wa ku Ntchisi atafunsidwa maganizo ake pa nkhaniyi, yankho lake silingachedwe. Kwa iye khasu ndi khasu chifukwa limalima, nkhwangwa ndi nkhwangwa chifukwa imadula, ndipo ngolo imene siyenda ndi nkhuni chabe. Iye angakumbutse wofunsayo kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Maganizo amenewa ndi olimba, ndipo ndi amene asunga mabanja m'mapiri amenewa, kumene tambala iliyonse imachokera m'thukuta la fodya, soya ndi chimanga. Munthu wogula mbewu poyang'ana kukongola kwa pepala lake amakolola misozi.

Komabe ntchito si muyeso wokhawo wa mtengo. M'buku lake lotchedwa The Wealth of Nations, limene lidatuluka mu 1776, Adam Smith wa ku Scotland adasiyanitsa mitengo iwiri: phindu la chinthu pochigwiritsa ntchito, ndi mphamvu yake posinthanitsa ndi zinthu zina. Iye adapereka chitsanzo cha madzi ndi dayamondi. Popanda madzi munthu sangakhale moyo, koma ndowa ya madzi otungidwa m'mitsinje yochokera m'nkhalango ya Ntchisi singagule ngakhale nkhuku. Dayamondi sadyedwa, samwedwa, safundidwa, koma kamwala kamodzi kakhoza kugula khola lonse la ng'ombe. Choncho kusowa kwa chinthu, ndi kuchuluka kwa amene akuchifuna, kumachipatsa mtengo umene sugwirizana ndi ntchito yake. Chigoba cha gemu chili m'gulu la dayamondi: chidakwera mtengo chifukwa anzake ambiri adatayidwa kudzala.

Pali mtengo wachitatu umene msika suudziwa, ndipo uwu anthu a ku Dowa ndi Ntchisi amaudziwa bwino lomwe. Kwa zaka zambiri, mpaka m'chaka cha 1988, amuna a m'midzi imeneyi ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ndi Theba. Pobwerako ankanyamula mabulangete, njinga, magalamafoni ndi mawailesi. Kufikira lero m'nyumba zina muli wailesi yotere, itakhala pa tebulo, itafunditsidwa kansalu koyera, ngakhale idasiya kulankhula kalekale. Mwana akafuna kuiphwasula kuti atengemo mawaya a galimoto yake, agogo amamkalipira kwambiri. Wailesiyo siimba, koma imakumbutsa banja za munthu amene adalowa pansi pa nthaka ya eni kuti ana ake avale. Palibe amene amawanena agogowo kuti ndi opusa. Motero mlimi yemwe uja, amene amati chinthu ndi ntchito yake, ali ndi zinthu m'nyumba mwake zimene amazilemekeza chifukwa cha chikumbutso chokha.

Wina akhoza kutsutsa kuti zinthu ziwirizi n'zosiyana. Wailesi ya agogo idalankhulapo, idaimbapo nyimbo pa ukwati, idalengezapo mauthenga a maliro, kenaka idafa. Chigoba cha m'sitolo sichidakhalepo ndi moyo chibadwire. Kodi chinthu chimene sichidagwirepo ntchito chingakumbutse munthu chiyani?

Mfundoyi ndi yomveka, koma ikuphonya pamodzi. Chigoba chidali ndi ntchito yakeyake, ndipo chidaigwira mokhulupirika. Ntchitoyo idali yoonedwa ndi kugwidwa. Ana ambiri sadakhalepo ndi gemu yawoyawo. Chimene adachidziwa ndi chigoba cha pa galasi, chimene ankachiyang'ana akuweruka ku sukulu, malovu ali m'kamwa. Mwana wotere akakula, nakumana ndi chigoba chija, amakumbukira chilakolako cha ubwana wake, chomwenso ndi mbali ya mbiri ya moyo wa munthu. Kuwonjezera apo, chigoba ndi mboni ya m'mene malonda ankachitikira pa nthawi yake, monga m'mene mbiya yosweka ya m'nyumba yosungiramo zinthu zakale imachitira umboni za anthu amene adaiumba, ngakhale singasungenso madzi. Ana oweta mbuzi m'mapiri a Dowa amaumba ng'ombe zadothi, ndipo masiku ano amaumbanso mafoni adothi, nkumaimbirana ali chapafupi. Ng'ombe yadothi sikamidwa mkaka, koma mwana amailirira mnzake akaiponda, ndipo kulirako n'koona.

Tsono ngati kusagwira ntchito sikuchotsa mtengo wa chinthu, malire ali pati? Malire ali pa choonadi. Chitsanzo chabwino ndi ndalama. Dziko la Malawi lidayamba kugwiritsa ntchito kwacha mu 1971, ndipo nthawi ndi nthawi Reserve Bank imatulutsa ndalama zatsopano, monga ya K5,000 imene idatuluka mu 2022. Zikatere, zithunzi za ndalamazo zimafalitsidwa kuti anthu azizindikire, zitalembedwa mawu osonyeza kuti ndi chitsanzo chabe. Kumbali ina kuli ndalama zachinyengo, zopangidwa ndi akathyali usiku. Chithunzi cha ku banki ndi ndalama yachinyengo zonse ndi mapepala opanda mphamvu yogulira mchere. Koma chimodzi chimanena poyera chimene chili, ndipo chimaphunzitsa anthu; chinacho chimabisa chimene chili, ndipo chimabera mayi wogulitsa tomato pa Madisi. Kusiyana kwake sikuli m'pepala, kuli m'mawu amene pepalalo likunena za ilo lomwe.

Chimodzimodzinso chigoba. Chikakhala pa galasi la sitolo, aliyense akudziwa kuti n'choonetsera, chilibe mlandu. Chikakhala m'kabati ya wotolera zakale, amene adachigula akudziwa bwino kuti m'kati mulibe kanthu, chilibenso mlandu, ndipo mwini wakeyo sadapusitsidwe ndi munthu. Koma chigoba chomwecho chikalowa m'thumba la tambwali wa pa depoti ya basi, nachigulitsa mothamanga kwa mlendo wochokera kumudzi ngati foni yeniyeni, chasanduka chida cha umbava. Mlendoyo akakafika kwawo ndiye amazindikira kuti safunsa adadya phula. Alimi a fodya amaudziwa mchitidwe wofanana ndi uwu: munthu amayala masamba abwino kunja kwa belo, m'kati naikamo zinyalala, kuti akanamize ogula ku okushoni ya ku Kanengo. Belo lotere likagwidwa, manyazi ake amagwera ndi alimi oona mtima omwe.

Ngakhale wotolera zigoba alibe mlandu wa bodza, pali funso lina limene ayenera kudzifunsa, ndilo la muyeso. M'mwezi wa July 2021, kampani ya Heritage Auctions ya ku America idagulitsa katoni imodzi ya masewera a Super Mario 64, yosatsegulidwa chiitulutsire m'fakitale, pa mtengo wa madola 1.56 miliyoni. Masewerawo adapangidwa kuti ana asewere, koma mwini wake atangotsegula katoniyo mtengo wake ungagwe pomwepo. Apa chikondi cha pa chinthu chafika posanduka chikondi cha pa mtengo wake. Kusunga chikumbutso ndi khalidwe la umunthu, koma kuunjika zinthu pongofuna kuti mawa zidzadule, kapena pofuna kuposa anzako, ndi njala ina imene siikhuta. Anthu a m'chigawo cha pakati amene adaona njala ya 2002 amadziwa kuti pali tsiku limene thumba limodzi la chimanga limaposa zokongoletsa zonse za m'nyumba. Munthu wanzeru amayamba wadzaza nkhokwe, walipirira ana sukulu, wathandiza mbale wodwala, kenaka ndiye amaganiza za kabati ya zikumbutso.

Phunziro lalikulu la nkhaniyi likukhudza anthu koposa zinthu. Katundu amaloledwa kukhala woonetsera, koma pali zinthu zina zimene anthu amaziyandikira ndi chikhulupiriro chonse, ndipo zimenezi siziyenera kukhala zigoba. Mjigo wopakidwa penti yowala koma wosatulutsa madzi umabweza amayi ku chitsime cha matope. Chipatala cha njerwa zokongola koma chopanda mankhwala chimataya nthawi ya wodwala amene wanyamulidwa pa njinga kutsika mapiri usiku wonse. Choopsa kuposa zonsezi ndi satifiketi yopanda nzeru kumbuyo kwake. M'mwezi wa November 2020 mayeso a MSCE adaimitsidwa m'dziko lonse chifukwa mafunso adabedwa, ndipo ophunzira adalembanso mu January 2021. Amene adavutika kwambiri ndi ana osalakwa, amene adawerenga ndi nyali ya koloboyi kwa zaka zinayi. Wophunzira wokhoza mayeso mwa kubera amatuluka ndi pepala lofanana ndi la mnzake wakhama, monga m'mene chigoba chimafananira ndi foni. Kusiyana kwake kumadzaoneka pa tsiku limene wapatsidwa kalasi kuti aphunzitse, mlatho kuti amange, kapena wodwala kuti ampatse mankhwala. Pa tsiku limenelo olipira mtengo wa chinyengo chake amakhala anthu ena.

Pomaliza, funso lija likhoza kuyankhidwa motere: chigoba chili nawo mtengo, malinga chivomere kuti ndi chigoba. Wochisunga chifukwa cha chikumbutso kapena mbiri sachita chachilendo kuposa agogo ofunditsa kansalu wailesi yakufa, bola asaiwale nkhokwe yake ndi anansi ake. Cholakwa chimayamba pamene chopanda kanthu m'kati chadzitcha chenicheni, wina nachikhulupirira. Mnyamata uja wa pa Mponela amabwerera ku mapiri ndalama zake za mtedza zili m'thumba, chifukwa mwini sitolo adamuuza zoona asadalipire. Wophunzira aliyense, mmisiri aliyense ndi mtsogoleri aliyense ali ndi ngongole yomweyo kwa anthu amene akumdalira: kukhala m'kati chimene akuonetsa kunja, ndipo pamene sakudziwa kanthu, kunena poyera kuti sakudziwa.