Kodi Kuulula Nkhanza ndi Miseche?

Abwenzi, m'bwalo lathu la maphunziro tinaphunzira kuti miseche imazimitsa kuwala kwa mtima. Ambiri tinayamba kusamala lilime. Tsono pali funso lomwe sitingalithawe: tikadziwa kuti mwana wa pakhomo loyandikana nafe akumenyedwa mpaka kutupa, kapena kuti wachibale wamkulu akumugwiririra, kodi kunena zimenezi ndi miseche?

Kuno kunyanja, kuyambira ku Kande, Chintheche mpaka ku Usisya, tonse timadziwana. Wochita nkhanzayo mwina ndi mwini bwato amene amalemba ntchito ana athu aamuna, kapena mlamu amene amatumiza ndalama kuchokera ku Joni. Kumutchula n'kuika pachiswe ubale ndi ndiwo zomwe. N'chifukwa chake timati za m'banja mwa eni sitilowerera, kapena timathetsa nkhani pachibale, mbuzi n'kuperekedwa, mwana osafunsidwa n'komwe. Choopsa n'chakuti mantha athuwa tingawaveke chovala cha uzimu, n'kumati tikupewa miseche.

Kusiyana kwake kuli pa zinthu ziwiri: tikuuza ndani, ndipo tikufuna chiyani. Wamiseche amanena padoko poyanika usipa, kwa anthu amene sangachitepo kanthu, kuti mnzake achepe. Woteteza mwana amapita mwakachetechete kwa amene ali ndi udindo wothandiza, ndipo dzina la mwanayo salimwaza m'mudzi. 'Abdu'l-Bahá anaphunzitsa kuti munthu angathe kukhululukira womulakwira, koma anthu onse pamodzi ali ndi udindo woteteza ofooka, ndiponso kuti kulekerera wankhanza kumangomulimbitsa m'nkhanza zakezo. Ululu wa mwana si wathu kuti tiukhululuke m'malo mwake.

Malamulo a dziko lino akugwirizana nazo. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limapereka udindo wokanena kwa achibale ndi anthu a m'dera omwe. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo sangalowe m'banja ngakhale makolo avomere. Tingaimbe foni yaulere pa 116, kupita kupolisi ku ofesi yothandiza ozunzidwa, kapena kuuza alangizi oteteza ana a boma. Mwana wogwiriridwa afike kuchipatala pasanathe maola 72, kuti alandire mankhwala omuteteza ku HIV. Ku Dedza, Mfumu Theresa Kachindamoto anathetsa maukwati ambiri a ana, ngakhale ena anamuda nazo.

Komabe kukanena ndi kuzimitsa moto woyaka kale. Taganizani za mtsikana amene wabereka ali wamng'ono, bambo wa mwana ali kunyanja usiku onse kapena ali ku South Africa, ufa wa kondowole watha, khanda likulira osaleka. Dzanja limathamanga pamene mtima watopa. Ngati sitinamuyenderepo, sitinamutungireko madzi, sitinamulandireko mwana kumsana, tidzamuweruza bwanji? Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Apa mpamene ntchito zathu zing'onozing'ono zimapindula. Tikamayendera mabanja, makolo achinyamata amapeza wowamvetsera. M'kalasi la ana, mwana amazolowera munthu wamkulu amene samukalipira, ndipo tsiku lina angamuuze zimene wakhala akubisa. Tsikulo likadzafika, tidzamukhulupirire, tisadzamufunse ngati wapalamula, ndipo tisadzalonjeze kusunga chinsinsi chimene chikumupweteka. Ifenso aphunzitsi tiziphunzitsa awiriawiri, poyera, makolo akudziwa, pakuti amene amateteza ana sakana kuonedwa.

Lilime loyera ndi lomwe limakana kunyoza munthu, komanso limakana kubisa wozunza mwana. Tisanabalalike lero, tikambirane izi: m'mudzi mwathu muno, mwana atafuna thandizo usiku uno angagogode pakhomo pa ndani? Nanga ndi banja liti laling'ono limene tikaliyendere sabata ino?