LACHITATU: Kuchokera ku Kaisareya Kufikira ku Roma

Werengani Machitidwe 27:1 mpaka 28:16.

Munthu wokwera ndege pa bwalo la Ben Gurion, pafupi ndi mzinda wa Tel Aviv, amatera ku Roma pasanathe maola anayi. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 2,300. Akadya kadzutsa m'dziko la Israyeli, nkhomaliro amakadyera ku Italiya. Kaisareya, kumene Paulo anakwerera ngalawa, ali pa mtunda wa makilomita ngati 50 kumpoto kwa Tel Aviv; chotero tingathe kunena kuti uwu ndi ulendo womwewo umene mtumwiyo anayenda cha m'ma 60 A.D. Koma iye unam'tengera ngati theka la chaka, osawerengera zaka ziwiri zimene anakhala m'ndende asananyamuke (Mac. 24:27).

Kodi Ambuye anamulonjeza chiyani Paulo pa Machitidwe 23:11? Kodi anamutchulira tsiku lokafika?

Ngalawa za masiku amenewo zinali kudalira mphepo. Pamene anafika pa chisumbu cha Krete, nyengo ya kusala kudya, ndiyo Tsiku la Chitetezo, inali itapita kale, ndipo nyanja inali itayamba kuopsa. Paulo anachenjeza, koma kenturiyo anamvera mwini ngalawa. Namondwe anawakankha masiku 14, nawatengera makilomita oposa 800 kumadzulo, mtunda umene ndege imadutsa pa ola limodzi ndi mphindi zochepa. M'ngalawamo munali anthu 276. Anataya akatundu, nataya zipangizo za ngalawa, potsiriza nataya ndi tirigu yemwe.

Tsono taonani pa mapu pamene pali Melita, chisumbu chimene lero chitchedwa Malta. Chili kutali kum'mwera kwa njira yolunjika ya ku Roma. Paulo sanachiike pa dongosolo lake, ndipo munthu wa changu sakanapatukirako. Komatu kumeneko atate wake wa Popliyo anali chigonere ndi malungo ndi kamwazi, ndipo odwala ena ambiri anadza kwa mtumwi nachiritsidwa m'miyezi itatu imene anakhalako. Ngalawa ikanayenda bwino, ndani akanawafikira anthu amenewa?

Tisapeputse kuwawa kwa kuchedwa. Paulo anakhumba kuona abale a ku Roma zaka zambiri (Aroma 15:23), ndipo anakalowa mumzindamo ali wandende, msilikali akum'dikira. Pakati pathu alipo amene apempherera mwana wolowerera kufikira imvi zamera. Alipo amene ayembekezera kubwera kwa Ambuye kuyambira ubwana wawo, ndipo anzawo amene anabatizidwa nawo limodzi agona kale m'manda. Kwa oterewa, mawu akuti “dikirani” ndi olemera.

Yerekezani Machitidwe 27:23-26 ndi 2 Petro 3:9. Mngelo anatsimikizira Paulo za kumene adzafika, koma Paulo anauzanso anzake kuti ayenera kuyamba atayidwa pa chisumbu china. Kodi pa chisumbu pamene inu mwatayidwa chaka chino pali yani amene akudwala?